Kwa achemwali ofuna kukapikula nsalu zodinda pamanja ku India

Achemwali, mwafunsa mmene malonda a nsalu ndi zoluka za ku India amayendera, popeza mwazolowera kupikula zitenje ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam ndipo mukufuna kudziwa ngati mpamba wanu ungapirire ulendo wautali chonchi. Chimene chimagwetsa ambiri n'chakuti kumeneko kuli nsalu zofanana maonekedwe koma zotalikirana mtengo, ndipo wosadziwa kuzisiyanitsa amalipira mtengo wa ntchito ya manja pa nsalu ya makina. Za makina zambiri zimachokera ku mzinda wa Surat ndipo ndi za poliyesitala. Zimenezo zisiyeni, chifukwa simungapikisane ndi amene amazibweretsa m'makontena athunthu.

Ine ndimagula ku chigawo cha Rajasthan. Ndimakwera ndege yodzera ku Addis Ababa n'kukatsikira ku Delhi, kenako sitima yapamtunda mpaka ku Jaipur, ndipo kuchokera pamenepo tawuni ya Bagru ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Kumeneko mabanja otchedwa Chhipa akhala akudinda nsalu kwa mibadwomibadwo ndi zidindo zosema pa mtengo. Musakathere m'masitolo a mumzinda mokha. Kafikeni pabwalo pamene amagwirira ntchito, chifukwa diso la wamalonda limaphunzirira pamenepo. Nsalu ya thonje amayamba aiviika m'madzi a chipatso chotchedwa harda kuti utoto ugwire, ndipo imatuluka yachikasu pang'ono. Utoto wakuda amaupeza poviika zitsulo zadzimbiri m'madzi a shuga wosayeretsa wa nzimbe mpaka zisase. Koma chimene chinanditenga mtima ndi njira yodindira yotchedwa dabu. Amadinda matope osakaniza ndi utomoni, laimu ndi gaga wa tirigu, amawaza utuchi pamwamba, amayanika padzuwa, kenako amaviika nsaluyo m'dzenje lakuya la utoto wa indigo. Imavuuka yobiriwira, ndipo inu mukuona ndi maso imasanduka yabuluu mpweya ukaiwomba. Akachapa, pamene panali matope pamatsala maluwa oyera.

Ndafotokoza zimenezi mwatsatanetsatane chifukwa ndi zimene zimakupatsani nzeru zogulira. Chidindo chimodzi n'chachikulu ngati chikhatho, choncho munthu amachikhoma kambirimbiri pa nsalu imodzi, ndipo mukayang'anitsitsa mumaona polumikizira, pena duwa lapendekera pang'ono, pena utoto wachuluka. Nsalu imene maluwa ake onse ndi ofanana ndendende yatuluka m'makina, ngakhale wogulitsa alumbire. Tembenuzaninso kumbuyo kwake, chifukwa indigo woviika amalowa mbali zonse ziwiri. Pomaliza sololani ulusi umodzi m'mphepete n'kuutentha: thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa, pamene poliyesitala amasungunuka n'kuuma ngati kamkanda.

Pali china chimene amayi a kwathu okha angachimvetse. Nsalu yotchedwa mulmul ndi yofewa ndiponso yokongola, koma ndi yopyapyala moti singamangidwe m'chiuno kapena kuberekera mwana. Funsani cambric kapena thonje lokhuthalirapo, ndipo muyeze mulifupi mwake. Zambiri zimakhala za mainchesi 44, omwe amakwanira chitenje. Amagulitsa pa mita kapena mpukutu wathunthu umene amautcha thaan, ndipo mtengo umatsika mukatenga mpukutu.

Ntchito yonseyi imadalira dzuwa. Chaka china ndinapereka oda kumayambiriro kwa Julaye osaganiza kuti mvula yawo imagwa kuyambira nthawi imeneyo mpaka Seputembala, matope anakana kuuma, ndipo katundu amene ndinalonjeza makasitomala anafika patapita miyezi iwiri kuchokera tsiku limene tinapangana. Chiyambire pamenepo ndimapita pakati pa Okutobala ndi Malichi. Ndimalipira theka la ndalama poyamba, ndimadula kansalu kachitsanzo pakati kuti aliyense asunge chidutswa chake, ndipo zotsala ndimalipira nditaona katundu yense. Wogulitsa akhale ndi nambala ya boma yotumizira katundu kunja, imene amaitcha IEC, kuti invoisi ikhale yovomerezeka ndiponso kuti msonkho wawo wa GST usagwere inu.

Zoluka zili ndi kwawo. Zikwama za jute (ulusi wopangira ziguduli) zimachokera ku Kolkata, pamene mphasa zopukutira mapazi za makoko a kokonati zimachokera ku Alappuzha, m'chigawo cha Kerala. Kuyendera malo onsewo n'kuwononga mpamba, choncho ndi bwino kukumana ndi ogulitsa ake pa chionetsero cha IHGF Delhi Fair ku Greater Noida, pafupi ndi Delhi, chomwe chimachitika kawiri pa chaka. Zolukazi zimadya malo, ndipo katundu wa panyanja amalipiritsa potengera malo amene watenga m'kontena. Zimaopanso chinyezi: zikwama za jute zolongedza zisanaume bwino zimafika ku Beira zitachita nkhungu. Pa ulendo woyamba tengani nsalu zokha, zobwera pa ndege.

Katundu wa panyanja amanyamukira ku doko la Nhava Sheva kapena la Mundra n'kufikira ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Konzani nambala yanu yokhomera msonkho ndipo mupeze ejenti wovomerezeka ndi MRA katundu asananyamuke, akuwerengereni msonkho wonse musanaike mtengo. Chepetso la msonkho la amalonda ang'onoang'ono a COMESA silikhudza katundu wopangidwa ku India. Ndalama zakunja nazonso muyambe kuzifunsa kubanki nthawi ikadalipo, poti mukudziwa mmene zikusowera.

Nsalu zimenezi si za pabenchi pamsika, pamene wogula amayerekeza mtengo ndi chitenje wamba. Ogula anga ndi matelala osoka madiresi ndi malaya apamwamba, eni malo ogona alendo a kunyanja ofuna makatani ndi zoyala patebulo, ndi masitolo a mphatso ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Musanagule tikiti, yendani ndi zitsanzo kwa anthu otere kuti mudziwe mitundu imene akufuna. Ndipo aliyense wogula nsalu ya indigo mumuuze kuti aichape payokha m'madzi ozizira maulendo oyambirira n'kuiyanika pamthunzi, chifukwa imasuluka pang'ono, ndipo wosachenjezedwa adzakubwezerani poganiza kuti mwamugulitsa yachinyengo.