Mmene kuletsa mowa kunalemeretsera zigawenga ku America

Achimwene, mwafunsa kuti zinatheka bwanji kuti lamulo loletsa mowa ku America likulitse uchigawenga ndi ziphuphu. Kuyambira 1920 mpaka 1933, kufulula, kugulitsa ndi kunyamula mowa unali mlandu, koma kumwa ayi. Omwa sanasiye, ndiye wogulitsa mobisa ankapha makwacha osaneneka.

Komatu malonda oterowo munthu mmodzi sangawathe. Pankafunika maboti owolotsa wisiki kuchokera ku Canada pa mtsinje wa Detroit, magalimoto, mosungiramo katundu, mabala obisika, kenaka apolisi, oweruza ndi andale oti akalandira kangachepe aziyang'ana kumbali. Magulu amene kale ankangobera anthu m'makwalala anasanduka makampani enieni.

Nanga akalandana dera la malonda akadakasumira kuti? Kukhoti sakadapitako, choncho mfuti ndiyo inkaweruza. Pa 14 February 1929 ku Chicago, amuna 7 a mbali ya Bugs Moran, mtsogoleri wa gulu lina la zigawenga, anawomberedwa m'galaja, ndipo ena mwa opha anavala ngati apolisi. Anthu ambiri ankaloza chala Al Capone, mtsogoleri wa gulu lolimbana ndi la Moran, koma palibe anaweruzidwa pa mlanduwo. Chondiseketsa ine n'chakuti Capone anamugwira mu 1931 chifukwa chozemba msonkho, ndipo anamulamula kukhala m'ndende zaka 11.