Kodi asayansi amadziwa bwanji za nyenyezi zimene sanafikeko?

Bambo amene mwafunsa, funso lanu ndalimva motere: popeza malo okhawo kunja kwa dziko lapansi amene munthu anapondako ndi mwezi, akatswiri a zakuthambo amadziwa bwanji kuti nyenyezi yakutiyakuti ili ndi mpweya wakutiwakuti, kapena kuti chilengedwe chakhalapo kwa zaka mabiliyoni? Mwawonjezera kuti mwina zonsezi n'zongopeka zimene amazikometsera ndi zithunzi za pa kompyuta. Ndaona kuti ena akuyankhani monyoza, koma kukayikira kwanu kuli ndi maziko, ndipo pa nkhani ya zithunzi muli ndi mfundo imene ndibwererako. Ngakhale munthu wophunzira kwambiri wa ku France, Auguste Comte, analemba m'chaka cha 1835 kuti anthu sadzatha kudziwa zinthu zimene zimapanga nyenyezi, chifukwa palibe njira yokatapira kachidutswa kake n'kubwera nako kudzakayeza. Sipanathe zaka 30 mawu akewo asanagwe.

Chimene chinawagwetsa ndi kuwala. Kuwala kwa dzuwa kukadutsa m'galasi la ngodya zitatu kumamwazika n'kukhala mitundu ya utawaleza. Cha m'ma 1814, katswiri wina wosula magalasi wa ku Germany, Joseph Fraunhofer, anayang'anitsitsa utawaleza woterewu ndipo anapezamo timizere takuda mazanamazana tokhala pamalo osasinthasintha, koma sanadziwe tanthauzo lake. Amene anamasulira nkhaniyi ndi Gustav Kirchhoff ndi Robert Bunsen cha m'ma 1859, pamene anasonyeza kuti mtundu uliwonse wa maatomu umatulutsa ndiponso kumeza kuwala pamalo akeake mu utawalezawo. Mukawaza mchere pa lawi la gasi, lawilo limasanduka lachikasu chifukwa cha sodiyamu amene ali mumcherewo, ndipo chikasu chimenecho chimagwera pamalo enieni amene Fraunhofer anaona timizere tiwiri takuda m'kuwala kwa dzuwa. Choncho timizereto tili ngati chidindo cha chala. Haidirojeni ali ndi chake, chitsulo chili ndi chake, nthunzi ya madzi ili ndi chake, ndipo chidindocho munthu angathe kuchiyeza m'chipinda chofufuzira pano padziko kenako n'kuchifunafuna m'kuwala kochokera kumwamba. Sitipita kunyenyezi, koma kuwala kwa nyenyezi kumabwera kwa ife kutanyamula uthengawo.

Mwina munganene kuti zimenezi zikadali zonena chabe, ndiye tiyeni tione pamene njirayi inayesedwa. M'chaka cha 1868, akatswiri anaona mzere wachikasu m'kuwala kwa dzuwa umene sunkagwirizana ndi chinthu chilichonse chodziwika. Norman Lockyer wa ku England ananena kuti umenewu ndi mpweya watsopano ndipo unatchedwa hiliyamu, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza dzuwa. Ambiri sanakhulupirire. Patapita zaka 27, mu 1895, William Ramsay anaupeza mpweya womwewo m'miyala ya pano padziko, uli ndi mzere wake uja pamalo omwewo. Lero hiliyamu ndi amene amapopera m'mabaluni ouluka komanso kuziziritsira makina ojambulira m'kati mwa thupi m'zipatala, koma anayamba kudziwika ali kudzuwa, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni.

Chitsanzo chimene ine chimandikhutiritsa kwambiri ndi cha Titan, mwezi waukulu wa pulaneti ya Saturn. Mu 1944, Gerard Kuiper anaunika kuwala kwake ali pansi pano ndipo ananena kuti mwezi umenewu wakutidwa ndi mpweya wokhala ndi methane. Panalibe njira yotsimikizira pa nthawiyo, chifukwa chombo choyamba chopita m'mlengalenga, Sputnik, chinali chisanapangidwe n'komwe. Pa 14 Januwale 2005, kachombo kotchedwa Huygens kanatsika ndi parachuti kudutsa mumpweya wa Titan, kakuuyeza mwachindunji, mpaka kanatera pansi, ndipo methane kanamupezadi. Zofananazo zinachitika ndi mwala wa m'mlengalenga wotchedwa Bennu. Kuwala kwake kunkasonyeza kuti uli ndi kaboni komanso dongo losunga madzi, ndipo pamene chombo cha OSIRIS-REx chinaponya kabokosi ka fumbi ndi timiyala ta Bennu m'chipululu cha Utah pa 24 Sepitembala 2023, magalamu pafupifupi 121 amenewo anapimidwa ndi manja ndipo zinthuzo zinapezekamo. Njira imene yakhoza mayeso kulikonse kumene tinatha kukafika kukaitsimikizira, palibe chifukwa choiganizira kuti imayamba kunama ikangoloza kumene sitingafike.

Tsopano za mapulaneti ozungulira nyenyezi zina, amene ndikuganiza kuti ndi amene anautsa funso lanu. Zoona zake n'zakuti ambiri mwa mapulaneti amenewa palibe amene anawaonapo, ngakhale ndi telesikopu yamphamvu. Amadziwika ndi zimene amachita kwa nyenyezi yawo. Pulaneti ikamazungulira, mphamvu yake yokoka imagwedeza nyenyeziyo pang'ono, moti nthawi ina imasendera kwa ife ndipo nthawi ina imatitalikira. Monga momwe kulira kwa ambulansi kumamvekera kokwera ikamabwera n'kutsika ikadutsa, timizere tija timasunthira chakumtundu wobiriwira ngati thambo nyenyezi ikamayandikira, ndipo timasunthira chakufiira ikamatalikira. Umu ndi mmene Michel Mayor ndi Didier Queloz a ku Geneva anapezera mu 1995 pulaneti yoyamba yozungulira nyenyezi yofanana ndi dzuwa lathu, 51 Pegasi b, imene imatsiriza ulendo wake wozungulira m'masiku anayi okha ndi maola ochepa. Analandira mphotho ya Nobel mu 2019 chifukwa cha ntchitoyi. Njira yachiwiri ndi yodikira kuti pulaneti idutse kutsogolo kwa nyenyezi yake n'kuchepetsa kuwala kwake. Pulaneti yaikulu ngati Jupiter ingachepetse kuwala kwa dzuwa ndi gawo limodzi pa magawo 100, pamene yaing'ono ngati dziko lathu siingafike ngakhale gawo limodzi pa magawo 10,000. Apa m'pamene mawu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha amagwira ntchito, chifukwa telesikopu ya Kepler, imene inatumizidwa mu 2009, inakhala zaka zinayi ikuyang'ana kachigawo kamodzi ka thambo, ikuyeza kuwala kwa nyenyezi pafupifupi 150,000 mosalekeza. Pofika mu 2018 pamene mafuta ake anatha, zimene inasonkhanitsa zinali zitavumbula mapulaneti oposa 2,600. Mapulaneti onse otsimikizika anapitirira 5,000 mu 2022. Chosangalatsa n'chakuti njira ziwirizi zimathandizana, pakuti yoyamba imapereka kulemera kwa pulaneti ndipo yachiwiri imapereka kukula kwake, ndiye zikaphatikizidwa zimasonyeza ngati pulanetiyo ndi yamiyala kapena ndi chimpira cha mpweya.

Telesikopu ya James Webb, imene inanyamuka ku Kourou m'dziko la French Guiana pa 25 Disembala 2021, yapititsa ntchitoyi patsogolo. Galasi lake ndi la mamita 6.5 m'mimba mwake, lopangidwa ndi zidutswa 18 zokutidwa ndi golide wopyapyala, ndipo ili pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera padziko, itabisala kuseri kwa chotchinga cha nsanjika zisanu kuti isatenthedwe ndi dzuwa. Pulaneti ikamadutsa kutsogolo kwa nyenyezi, kuwala kwina kumasefeka kudzera mumpweya wa pulanetiyo, ndipo mpweyawo umasiya chidindo chake. Mu Ogasiti 2022 analengeza kuti mwa njira imeneyi Webb yapeza kaboni dayokisaidi momveka bwino pa pulaneti ya WASP-39 b, imene kuwala kochokera kumeneko kumatenga zaka pafupifupi 700 kuti kutifike. Imeneyi ndi njira yomwe ija ya Kirchhoff ndi Bunsen, kungoti chipangizo chakula.

Pa zithunzi ndiye ndikugwirizana nanu. Mukaona chithunzi chokongola cha pulaneti ya kunyenyezi ina, chooneka mapiri, nyanja ndi mitambo, dziwani kuti chimenecho anachita kujambula katswiri wa zojambulajambula potengera manambala amene asayansi anamupatsa. Mabungwe ofufuza amalemba zimenezi pansi pa chithunzicho, koma chikamagawidwa pa intaneti mawuwo amatsalira m'njira. Ngakhale zithunzi zenizeni za Webb zili ndi mitundu yochita kuikidwa, chifukwa telesikopuyi imaona makamaka kuwala kwa infrared kumene maso athu sangakuone, ndiye akatswiri amapatsa chigawo chilichonse cha kuwalako mtundu wooneka. Maonekedwe a zinthuzo ndi enieni, koma utoto wake ndi womasulira. Chithunzi cha black hole (malo a m'mlengalenga okhala ndi mphamvu yokoka yaikulu moti ngakhale kuwala sikungatulukemo) cha mumlalang'amba wa M87, chimene chinatulutsidwa pa 10 Epulo 2019, nachonso chinapangidwa pophatikiza mafunde a wailesi amene anatoledwa ndi matelesikopu asanu ndi atatu m'madera osiyanasiyana a dziko, ndipo magulu angapo anapatsidwa ntchito yochipanga aliyense payekha, osaonetsana, kuti aone ngati onse atulutse mkombero wofanana. Umboni wa sayansi suli m'zithunzi zokongolazo. Uli m'mizere ndi manambala amene kawirikawiri sagawidwa chifukwa sakopa maso.

Za msinkhu wa chilengedwe ndifotokoza mwachidule. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, choncho dzuwa timaliona mmene linalili mphindi zisanu ndi zitatu zapitazo, ndipo mlalang'amba wa Andromeda timauona mmene unalili zaka 2.5 miliyoni zapitazo. Mu 1929 Edwin Hubble anasonyeza kuti milalang'amba ikakhala patali kwambiri, timizere take timasunthiranso kwambiri chakufiira, kutanthauza kuti thambo likufutukuka. Chinthu chofutukuka chinali chothinana ndi chotentha kale, ndipo akatswiri ena anawerengera kuti kutentha kwa nthawi imeneyo kuyenera kuti kunasiya kuwala kozilala ponseponse. Arno Penzias ndi Robert Wilson anakupeza mwangozi ndipo analengeza mu 1965, atavutika ndi phokoso la m'chipangizo chawo cha wailesi limene poyamba ankaliganizira kuti likuchokera ku zitosi za nkhunda. Chombo cha Planck cha mayiko a ku Ulaya chinayeza kuwala kumeneku mosamalitsa, ndipo kuchokera pamenepo m'pamene pamachokera chiwerengero cha zaka 13.8 biliyoni.

Mlandu umalimba mboni zikakhala ziwiri zosadziwana, ndipo sayansi ya zakuthambo inapeza mboni yachiwiri posachedwapa. Pa 14 Sepitembala 2015, makina a LIGO ku Louisiana ndi ku Washington m'dziko la America, amene mikono yake ndi yotalika makilomita anayi, anamva koyamba kunjenjemera kwa thambo lenilenilo kochokera ku ma black hole awiri amene anawombana. Kumeneku si kuwala ayi, ndi mafunde a mphamvu yokoka amene Albert Einstein ananeneratu zaka pafupifupi 100 m'mbuyomo. Kenako pa 17 Ogasiti 2017 makinawa anamva kuwombana kwa nyenyezi ziwiri zothinana kwambiri zotchedwa neutron star, ndipo masekondi osakwana awiri pambuyo pake, chombo china m'mlengalenga chinaona kung'anima kochokera chigawo chomwecho cha thambo. Matelesikopu ataloza kumeneko anapeza kuwala kwatsopano mumlalang'amba wina. Zipangizo zosiyana kotheratu, za magulu osiyana, zinachitira umboni chinthu chimodzi.

Komabe si nkhani zonse za zakuthambo zimene zili zolimba mofanana, ndipo apa kukayikira kwanu musakutaye. Mu Malichi 2014 gulu la BICEP2, limene linkagwira ntchito ku South Pole, linalengeza kuti laona zizindikiro za nthawi yoyambirira penipeni ya chilengedwe, koma chisanathe chaka zinadziwika kuti zambiri mwa zimene linaonazo zinali fumbi la mumlalang'amba wathu womwe uno. Mu 2020 panamveka za mpweya wa phosphine m'mitambo ya Venus, umene ena anauona ngati chizindikiro cha zamoyo, koma ena ataunikanso anapeza kuti chizindikirocho n'chofooka kwambiri ndipo mpaka pano akutsutsanabe. Ngakhale liwiro la kufutukuka kwa thambo silinagwirizanidwe, chifukwa njira imodzi ikupereka nambala ya pafupifupi 67 pamene ina ikupereka pafupifupi 73, ndipo kusiyanaku kwakana kutha.

Nkhani imene inafala kwambiri mu 2025 ndi ya pulaneti ya K2-18 b, imene ili pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka zoposa 120. Webb inapezako methane ndi kaboni dayokisaidi mu 2023. Mu Epulo 2025 gulu la ku yunivesite ya Cambridge linanena kuti laonanso zizindikiro za mpweya wotchedwa dimethyl sulfide, umene pano padziko umapangidwa makamaka ndi tizamoyo ting'onoting'ono ta m'nyanja, ndipo mitu ya nkhani inathamangira kunena kuti zamoyo zapezeka. Gululo silinanene choncho, ndipo ine ndikuona kuti amene anakokomeza nkhaniyi anailakwira sayansi. Chizindikirocho sichinafike pa mlingo umene akatswiri amavomereza kuti chinthu chapezekadi, komanso mpweya womwewo unapezekapo pa comet yotchedwa 67P, chimulu cha madzi oundana ndi fumbi chozungulira dzuwa, kumene kulibe chamoyo chilichonse. Zimene Webb imatola zimasungidwa poyera pa intaneti, kawirikawiri pakangotha chaka chimodzi, kuti aliyense wodziwa ntchitoyi aziunike yekha. Magulu ena anatenga manambala omwewo a K2-18 b, anawawerengeranso ndi njira zawo, ndipo anapeza kuti mipweya ina ingathe kufotokoza chizindikirocho mofananamo, mwinanso kuti chizindikirocho palibe n'komwe. Pakali pano, palibe malo alionse kunja kwa dziko lapansi kumene zamoyo zatsimikizika.