Yankho la azakhali pa nkhani ya choko ndi ubusa

Eee, moni nonse m'gulu muno. Ndajambula mawu chifukwa timalemba ta pafoniti maso anga akukana.

Iwe mwana wanga, funso lako ndalimva. Ukuti bwenzi lako uja akufuna kusiya choko kuti akaphunzire zaubusa, ndiye ukufunsa kuti uphunzitsi wakowo uthera pati, komanso kuti ine mphunzitsi ndi amalume ako abusa tinakwanitsa bwanji. Ndikuyankhira pagulu dala kuti amayi ako amve nawo, pajatu amene sakugona tulo ndi nkhaniyi ndi iwowo.

Za ndalama sindichedwapo. Ndi zochepa, basi. Nthawi imene iye adzakhale pasukulu ya zaubusa, kaya ku Josophat Mwale ku Nkhoma kaya ku Zomba, nyumba idzayendera malipiro ako. Mukadzapita kumpingo wakumudzi, nthawi ya masika chimanga, mtedza ndi nkhuku sizisowa, koma fizi ya ana salipira ndi nkhuku.

Chimene anthu sakuuzani achinyamata inu n'chakuti banja lotere limakhala ndi mabwana awiri, ndipo mabwanawo sakambirana. Mbusa amapita kumene mpingo wamuitana. Mphunzitsi amapita kumene a zamaphunziro amutumiza. Amalume ako ataitanidwa kumpingo wina kutali, kalata yanga yosamukira inachedwa, moti ndinatsala kuno ku Lilongwe ndi ana, iwo akudziphikira okha kumeneko. Akhristu ena mpaka anayamba kunong'ona kuti kaya mayi busa wathuyu akuthawa kumudzi. Zimenezi mukambirane panopa, ukwati usanachitike: zikadzatero, adikire ndani, ana akhale ndi ndani.

Ndiye pali nyumba. Aaa, nyumba ya abusa ilibe chitseko, mwana wanga. M'bandakucha wina wagogoda ndi uthenga wa maliro. Madzulo banja labwera, mkazi akulira, mwamuna wangoti ndwii, akufuna abusa awaweruze, ndipo tiyi wake wophika ndiwe. Pamenepo patebulo pali mulu wa makope osachonga ndi masikimu osalemba. Ife tinaona 1994, pulayimale itakhala yaulere, ana atadzaza mpaka pansi pa mitengo. Unkaweruka mawu atasasa, koma Lachinayi amayi a Chigwirizano akukudikira, Loweruka chilangizo cha atsikana, Lamulungu Sande sukulu. Palibe amene amakulemba ntchito ya umayi busa, komabe aliyense amadziwa mmene uyenera kuigwirira, ngakhale kutalika kwa siketi yako.

Koma usamve ngati ndikukuopseza. Chimene ndikukana ine ndi maganizo akuti iye ndiye woitanidwa, iwe ungomuperekeza. Ayi. Tsegula Machitidwe 18. Akula ndi Priskila anali banja, anachoka ku Roma mfumu Klaudiyo italamula kuti Ayuda onse atuluke, anakafika ku Korinto n'kumasoka mahema limodzi ndi Paulo. Ku Efeso atamva Apolo akulalikira, munthu wodziwa kuyankhula koma zina asanazimvetse, anamutengera pambali onse awiri n'kumulongosolera bwino. Onse awiri, wamva? Ndipo m'malo angapo dzina la mkaziyo ndi limene limayamba. Ku Aroma 16 Paulo akupereka moni kwa iwo pamodzi ndi mpingo wosonkhana m'nyumba mwawo. Ndimaseka ndikawerenga pamenepo, chifukwa ndiye kuti nayenso mayiyu mbale ankatsuka zambiri.

Ngakhale kwathu kuno, sukulu ndi tchalitchi zinabwera limodzi. Amishoni a Dutch Reformed atayamba ku Mvera mu 1889, kenako ku Nkhoma mu 1896, ankatsegula timasukulu m'midzi, ndipo mphunzitsi yemweyo ndi amene ankatsogolera mapemphero. Agogo athu ankaphunzira a, e, i kuti akathe kuwerenga Mawu okha. Komanso iwe umadutsa ku Area 47, umaiona African Bible College. Anaiyambitsa ndi bambo ndi mayi, Jack ndi Nell Chinchen, amene anayambira ntchitoyi ku Liberia, kuno n'kudzatsegula mu 1991. Ukamva mbiri ya sukuluyo, mayina amatchulidwa awiri.

Choncho kalasi yako usaione ngati ganyu yodikirira kuti abusa amalize sukulu. Ana amene ndinawaphunzitsa Sitandade 2 ena amandiimitsa mumsika wa Lizulu, ndevu zili mbuu, kundikumbutsa kuti ndine ndinawagwira dzanja polemba dzina lawo. Ambiri mwa iwo sanamvepo ulaliki wa amalume ako.

Mnyamatayo umufunse mafunso awiri, ndipo uziyang'ana nkhope yake poyankha. Choyamba, tsiku limene mayeso a ana ako adzagundane ndi msonkhano wa amayi, adzaima pamaso pa akulu a mpingo kunena kuti mkazi wanga ali kuntchito? Chachiwiri, kodi amadziwa kuphika nsima? Musaseke, alamu, ndikunenetsa.

Mubwere nonse awiri Loweruka likubwerali chakumasana, chilangizo chikatha. Amalume ako akuti akufuna acheze naye paokha, amve ngati ndi maitanidwe enieni kapena wangotopa ndi kuchonga makope. Mukatsika minibasi mundiimbire, ndituma mwana adzakuchingamireni.