Mowa wanga ena akuutama, ena akuti ukununkha sopo: ndiyambe kugulitsa?

Zikomo alangizi. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndimakhala ku Rosettenville mu mzinda wa Johannesburg ku South Africa ndipo ndimaperekera zakudya mu lesitilanti ina ku Rosebank. Ndinayamba kufulula mu 2020 boma litaletsa kugulitsa mowa, nthawi ija aliyense ankaviika zinanazi m'chidebe. Anzanga anasiya, ine ndinapitiriza mpaka ndinaphunzira wa chimera cha barele. Pano ndimafulula malita 20 pa mwezi, ndipo ndimathira hops (timaluwa topatsa mowa kuwawa ndi fungo) wa mtundu umodzi basi, Sorachi Ace. Zothira zonse zimandidyera R750. Loweruka lina ndinalawitsa anzanga 12. Asanu anati sanamwepo wokoma chonchi, anayi anati ukununkha sopo wa mandimu, atatu anangoti zii. Mwezi wa mawa ndine wolandira chipereganyu, R12,000. Mayi a kunyumba akuti tigule malata a nyumba yathu kumudzi, ine ndikufuna mapoto akuluakulu ndi furiji kuti ndiyambe bizinesi. Kodi ndisinthe hops kuti onse aukonde, kapena ndipitirize ndi yemweyu?

Achimwene, Mngoni akafunsa za mowa wafunsa za kwawo, ndiye ndikuyankhani mosabisa. Mwa zonse mwalembazi, hops ndiye nkhani yaing'ono.

Anzanu anayiwo sananame, ndipo inunso simunalakwitse kafulidwe. Sorachi Ace ndi wotero. Anamutulutsa a kampani ya Sapporo ku Japan mu 1984, ndipo fungo lake ndi la mandimu losakanikirana ndi katsamba kaja ka dill komwe akukhitchini kwanuko amawaza pa nsomba. Mphuno ina imamva mandimu, ina imamva katsambako nkuganiza za sopo. Si yekhanso wogawa anthu. Simcoe wa ku America ena amamva paini, ena amati mkodzo wa mphaka. Pa malonda izi sizindiopsa ine. Mowa woti aliyense angoti "ulibwino" ulipo kale, kampani yaikulu ya mowa kuno ya SAB imafulula malita mamiliyoni, ndipo pa mtengo simungalimbane nayo. Wofulula wamng'ono amakhalira anthu ochepa amene sangaupeze kwina mowa ngati wakewo. Akundidetsa nkhawa ndi atatu aja anangoti zii, komanso asanu otamawo, chifukwa anamwa waulere. Ndani amanyoza mowa woti sanatulutse kanthu m'thumba?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa malita 20, mukachotsa nsenga zotsala pansi ndi zomwe hops wamwa, mumatsala ndi malita ngati 18. Amenewo ndi mabotolo 24 a 750ml, aja amati ngudu kuno. R750 kugawa pa 24, botolo limodzi likukwana R31. Simunaikepo magetsi owiritsira poto kwa ola lathunthu, zitsekerero, shuga wothira potseka, mankhwala otsukira ziwiya ndi takisi yokagulira katundu. Tingoti R40. Simunadzilipirenso nokha tsiku lofulula, lomwe limadya maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ndi madzulo ena othira m'mabotolo. Ngudu ya Black Label kapena Castle ku tavern siifika pa R40 imeneyo. Ndiye m'bale wathu wa pa Rosettenville, amene akusunga ya lendi ndi yotumiza kumudzi, angagule wanu pa R70 kangati pa mwezi? Kamodzi, chifukwa cha chibale. Kachiwiri adzati mumulembere, adzapereka pakutha pa mwezi.

Ogula mowa wotere ndi aja mumawaperekera mbale ku Rosebank. Iwowo amagulira m'malo a laisensi, ndipo mwini bala sangalandire botolo lopanda pepala. Apa ndiye pagona nkhani.

Kufulula womwa nokha ndi alendo anu ndi chinthu china, kugulitsa ndi chinanso. Mukangolandira ndalama, kaya ndi botolo limodzi, mwalowa pansi pa Gauteng Liquor Act ya 2003. Wofulula wamng'ono amafunika laisensi ya micro-manufacturer yochokera ku Gauteng Liquor Board, ndipo laisensiyo imaperekedwa pa malo enieni omwe khonsolo ya mzinda ikulola kuti pachitike ntchito yotero. Kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya munthu si malo amenewo. Pamwamba pake pali nthambi ya boma yotolera misonkho ya SARS, yomwe imafuna wofulula wogulitsa alembetse ndi kulipira msonkho wa excise. Msonkhowu amawerengera pa kuchuluka kwa alcohol mu mowamo, ndipo umakwera pafupifupi bajeti iliyonse. R12,000 singafike patali pa ulendo umenewu. Ndipo ife alendo tili ndi chathuchathu: onani zomwe zalembedwa pa pemiti yanu, chifukwa yolola kugwira ntchito kwa bwana wakutiwakuti si yolola kuchita bizinesi. Mwini dziko akagwidwa akugulitsa popanda laisensi amulanda katundu, alipira chindapusa, abwerera kunyumba. Inu mukhoza kukadzukira ku Lindela kosungirako alendo oyembekezera kuthamangitsidwa m'dziko, ntchito ya ku Rosebank itapita, chifukwa cha mabotolo 24.

Sindikuti musiye kufulula, ayi. Ndikuti funso la hops liyankheni ndi ndalama zochepa. Ulendo ukubwerawu wiritsani monga mwa masiku onse, koma pothira hops wa fungo uja, mowa utayamba kale kuwira ndi yisiti, ugaweni m'zigubu zitatu. China Sorachi Ace wanuyo, china Southern Passion, china African Queen. Awiriwa amalimidwa konkuno, ku George m'mphepete mwa mapiri a Outeniqua, ndipo fungo lawo limapendekera ku zipatso zomwe lilime lathu likuzidziwa, monga magalagadeya. Amagulidwa pa randi, pomwe wochokera kunja mtengo wake umavina ndi dola ndipo mwezi wina mukhoza kupeza mu shopu mulibe. Bizinesi yotsamira pa chinthu chimodzi chochokera kutsidya kwa nyanja imagona tulo tochepa. Kenako itanani anthu ena, osati omwe aja 12. Anzanu a ku bala ya kuntchito kwanu ndi abwino kwambiri pa izi, amadziwa zomwe makasitomala amaitanitsa kachiwiri. Musawauze chigubu chili ndi chiyani, musawafunse ngati ukukoma, musalandire ndalama. Ingoonani tambula yomwe yayamba kutha ndi botolo lomwe akufunsa ngati lilipo lina. Sorachi Ace akapambanabe pamenepo, mugwireni, anayi aja azimwa Castle.

Pa zida zomwe mwatchula, mapoto akuluakulu aiwaleni kaye. Kufulula wambiri musanapeze kokagulitsa ndi kudzipangira chitayiko, chifukwa mowa wa hops wambiri suchedwa kufwifwa. Pakatha milungu ingapo fungo lija limayamba kuthawa, makamaka ukakhala pofunda kapena mpweya utalowa pothira m'mabotolo. Si malata oti mukawaunjika pakhonde adikira chaka. Furiji yokha ndiyo ndikuvomereza, yakale yogula kwa munthu, ndi kachida kolamulira kutentha. Yisiti ya mowa wamtunduwu imafuna madigiri 18 mpaka 20, ndipo chipinda cha malata ku Joni mu Disembala chimapitirira pamenepo. Yisiti ikatenthedwa imatulutsa fungo lakelake, ndiye mwina pa sopo anzanu akunenayo gawo lina si la hops. Kumbukiraninso kuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, madzi amawira pa madigiri 94 osati 100, choncho kuwawa kumatsikirako poyerekeza ndi zomwe analemba wofululira ku Cape Town kapena ku Durban. Ndipo gwiritsani mabotolo abulawuni. Obiriwira amalowetsa kuwala, mowa wa hops nkuyamba kununkha.

Ikadzakwana nthawi yoti anthu akuufunadi, njira yomwe ambiri amayambira si kumanga fakitale. Ku Gauteng kuno alipo ofulula ang'onoang'ono a laisensi omwe amafulula mowa wa munthu wina m'matanki awo, pa kaphikidwe kake ndi dzina lake. Amafuna malita mazana angapo pa ulendo umodzi, ndipo kagulitsidwe kake kali ndi mapepala akenso, koma mtolo wake ndi wopepuka kuposa kuyamba nokha. Pofika kumeneko mudzafunika buku losonyeza zomwe munathira, ndalama zomwe munawononga ndi zomwe anthu ananena pa mowa uliwonse. Liyambeni Loweruka lino.

Za R12,000 ija, mayi akunena zoona. Chipereganyu si phindu, ndi ndalama yanu yomwe mukhala mukubwezabe miyezi ikubwerayi, choncho iikeni pa chinthu chokhalitsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Khalani nawo pansi, muwapemphe R2,000 ya furiji yakale ndi timapaketi tiwiri ta hops wa ku George. Yotsalayo ipite ku Ntcheu, malata akwere padenga mvula ya Novembala isanayambe.